Mwana waphee uja si mbutuma: chibadwa cha ana ndi mmene amagwirira maphunziro

Tsiku lotsekera teremu yachiwiri mayi ena anabwera kudzatenga lipoti la mwana wawo wa Sitandade 6 pasukulu yomwe ndimaphunzitsa kuno ku Kasungu, cha kumbali ya Santhe. Mtsikanayo anali nambala 4 mkalasi ya ana 96. Mayi aja anayang'ana pepala lija kawiri kenako nkundifunsa kuti, "Aphunzitsi, mwalemba bwino apa? Ameneyutu kunyumba timangoti ndi wozizira, olo mumufunse dzina pali alendo amangozyolika nkumakumba pansi ndi chala." Ndinawauza kuti nanenso mawu ake teremu yonse ndinkangowamva poitana rejisitala basi, koma kope lake ndi limene linkandiyankha. Ndiye chinawasokoneza kwambiri nchoti mchimwene wake wa mtsikanayu, yemwe ali Sitandade 8 ndipo kunyumba onse amamudalira kuti ndi amene adzapite patali chifukwa ndi wochangamuka, wolongolola, woyamba kukweza mkono, iye anabwera ndi lipoti la pakatikati. Ana a mimba imodzi, nsima ya mphika umodzi, sukulu imodzi.

Nkhani imeneyi imandikhudza chifukwa ndaona ana ambiri akutayika pa zinthu ngati zimenezi, kutchedwa mbutuma kapena wovuta ali ndi zaka 8 nkukula akukhulupirira zomwezo.

Chibadwa chimene ndikunena pano si khalidwe lonse la munthu ai. Ulemu, kuba, kupatsa moni akulu, zimenezo nzophunzira. Ndikunena kamtima kaja kamene khanda limabwera nako, komwe agogo aliyense amene waleredzapo ana amakadziwa popanda buku. Khanda lina limayamwa nkugona, aliyense akalinyamula likusekerera. Lina chitseko chikangomenyeka ladzidzimuka, kulira mpaka mbereko yonse thukuta. Lina silikana anthu koma limafuna liyambe lakuyang'anitsitsani kaye masiku angapo. Anthu anazindikira izi kalekale, asing'anga a ku Greece ndi Rome ngati Hippocrates ndi Galen ankati nkhani ndi madzi anayi a mthupi, kuti wina magazi ndi amene amuchulukira nchifukwa chake ndi wansangala, wina ndulu nchifukwa chake amapsa mtima msanga. Pa madziwo analakwitsa koma kusiyana kwa anthu anakuona bwino. Mawu aja achinyamata akonda masiku ano pa Facebook oti ine ndine introvert (wokonda kukhala phee payekha), ine extrovert (womasuka pagulu), anawatchukitsa ndi Carl Jung wa ku Switzerland cha mu 1921.

Kafukufuku wotchuka wa chibadwa wotsata ana kuyambira ali makanda anayamba mu 1956 ku New York, ndipo anamuchita ndi madokotala awiri omwe analinso banja, Alexander Thomas ndi Stella Chess. Anatsata ana opitirira 130 mpaka atakula. Ankayang'ana zinthu 9, monga mwana amatakataka bwanji, amagona ndi kudya pa nthawi yodziwika kapena ai, akaona chinthu chachilendo amachiyandikira kapena amabwerera mmbuyo, amatenga nthawi yaitali bwanji kuzolowera, akakwiya kapena akasangalala zimafika pati, amasokonezeka msanga bwanji, ndipo chinthu chikamuvuta amalimbikira kapena amangochisiya. Anapeza kuti ana 40 pa 100 alionse anali osavuta kulera, 10 anali aja timati ovuta, okhumudwa msanga komanso mwamphamvu, 15 anali ochedwa kuzolowera, ndipo otsalawo, pafupifupi 35, sankalowa bwinobwino mgulu lililonse. Nambala yomalizayi muisunge, chifukwa pali anthu amafuna mwana aliyense akhale ndi chikwangwani chake pamphumi pamene ambiri ndi osakanikirana.

Koma chachikulu chimene awiriwa anatisiyira si magulu amenewa. Anaona kuti chibadwa pachokha sichinkanena kuti mwana adzakhala bwino kapena ai, chinkanena ndi kugwirizana kwa chibadwacho ndi malo amene mwana ali, anthu omulera komanso zimene akumufuna kuti achite. Ife alimi izi sizachilendo. Mpunga umafuna kudambo, mtedza umafuna nthaka yofewa yosasunga madzi, mukasinthanitsa zonse ziwiri zikanika ndipo simunganene kuti mbewu inali yoipa. Mwana wotakataka amene kudimba ndi kokoka ng'ombe ndi dolo, mukamukhazika pansi pa simenti maola asanu osasuntha asanduka "wovuta" tsiku lomwelo.

Ndiye tiyeni tione kalasi yathu mmene ilili, ikukondera mbewu iti. Kuyambira 1994 pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere ana anakhamukira kusukulu, kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha mma 3 miliyoni mchaka chimodzi, ndipo kuchokera pamenepo kalasi ya ana 80 kapena 100 kwa mphunzitsi mmodzi si nkhani yodabwitsa mmidzi muno. Piriyodi ndi yaifupi, silabasi ikukuthamangitsa. Mphunzitsi ukafunsa funso umaloza amene wakweza mkono msanga nkumakuwa kuti "sala! sala!" kapena "madamu!" akuliza zala, chifukwa ukufuna phunziro liyende. Mosadziwa umayamba kuganiza kuti ana anzeru mkalasi mwako ndi khumi omwewo. Ngakhale miyambi yathu ina imakankhira komweko, paja amati chetechete sautsa nyama.

Pali mayi wina wa ku America, Mary Budd Rowe, yemwe cha mma 1970 anajambula mawu a makalasi ambirimbiri nkuyeza kuti mphunzitsi akafunsa funso amadikira nthawi yaitali bwanji asanaloze wina kapena kudziyankha yekha. Anapeza kuti ndi pafupifupi sekondi imodzi. Imodzi yokha! Aphunzitsi ataphunzitsidwa kudikira masekondi atatu kapena kupitirira, mayankho anatalika, ana ambiri amene kale sankayankha anayamba kuyankha, ndipo aja ongoti "sindikudziwa" anachepa. Ine nditayamba kuwerenga chamumtima mpaka 5 ndisanaloze munthu ndinaona mikono ikutuluka kumakona komwe ndinkaona ngati kulibe anthu. Mwana waphee uja nthawi zambiri yankho ali nalo, kungoti iye amafuna alitembenuze kaye mmutu, alione ngati lili bwino, kenako alimbe mtima, ndiye pamene akumaliza zonsezo mnzake wayankha kale ndipo kalasi yapita pa funso lina.

Chifukwa chiyani ena amachita kuvutika chonchi kuti atulutse mawu? Jerome Kagan wa ku yunivesite ya Harvard anayesa makanda a miyezi inayi pafupifupi 500, kuwaonetsa tizidole tachilendo toyendayenda, kuwamvetsa mawu ndi fungo lomwe sanalimvepo. Khanda limodzi pa asanu alionse linkapalapata, kupinda msana ndi kulira, pamene awiri pa asanu ankangoyang'ana ali phee osatekeseka. Chodabwitsa nchoti aja olira kwambiri aja ndi amene ambiri anadzakhala ana amanyazi ndi osamala, ndipo osatekeseka aja anadzakhala olimba mtima pagulu. Tanthauzo lake nloti mwana wamanyazi thupi lake limamva chachilendo mwamphamvu kuposa anzake, mtima umathamanga, kukhosi kumauma. Sakuchita dala ndipo si mwano. Tsono muganize mwana ngati ameneyu wafika Sitandade 5 pomwe maphunziro ambiri akubwera mChingerezi, waimitsidwa pamaso pa anzake 90, wathyola chizungu kalasi yonse nkuphulika kuseka. Mnzake wosatekeseka aseka nawo nkuiwala pa buleki. Iyeyu asunga chaka chonse ndipo sadzakwezanso mkono. Ukamukwapula kuti "yankhula mokweza" ndiye wamutsekeratu.

Kagan yemweyo anaonanso kuti si onse anakhalabe amanyazi kwambiri atakula, ambiri anazolowera nkumakhala bwinobwino ndi anthu, kungoti zinali zosowa kuti wobadwa wodzidzimuka adzasanduke kukhala wolongolola wa pagulu. Kafukufuku wa mapasa nayenso amaonetsa kuti za kumtundu zimatenga pafupifupi theka kapena kucheperapo pang'ono pa kusiyana kwa mitima ya anthu, kwinako ndi makulidwe ndi zokumana nazo. Ndiye mtengo umaongoka ndithu, koma mango sangasanduke bulugamu.

Palinso ina yomwe ili yathuyathu. Mwana wamkazi kunyumba timamuphunzitsa kuti poyankhula ndi akulu azigwada, asayang'ane mmaso, asakweze mawu, ndipo ndi ulemu wabwino. Akafika mkalasi tikufuna aimirire, ayang'ane aphunzitsi, ayankhe mokweza. Mtsikana amene anabadwa kale waphee zimamugwera kawiri. Ndaona atsikana ambiri anzeru akubisala kuseri kwa ulemu umenewu mpaka mayeso a Sitandade 8 ndi amene amadzawaulula.

Tsopano za mchimwene wake uja, chifukwa nayenso ali ndi vuto lake lomwe anthu saliona. Mwana wolongolola amaganiza akuyankhula, nzeru zimamubwerera pakamwa pali potsegula. Mmagulu ndi mfumu, pa dibeti ndi katswiri, ndipo akafotokozera anzake chinthu ndi pamene iye mwini amachimvetsa. Koma mayeso a MANEB salembedwa pagulu. Ndi iwe wekha, pepala ndi cholembera, holo ili zii maola awiri. Mwana wotereyu chimamupweteka nchoti amasokoneza kuzolowera chinthu ndi kuchidziwa, wachimva mkalasi, wayankhapo, aphunzitsi amuyamikira, ndiye amaona ngati wamaliza, kukhala pansi yekha ndi kope kumamutopetsa pakangotha mphindi 10. Mu 2009 Arthur Poropat wa ku Australia anasonkhanitsa kafukufuku wokhudza ophunzira opitirira 70,000, ndipo anapeza kuti kukhala womasuka pagulu kumathandizako ku pulayimale koma pofika ku sekondale ndi ku koleji mwayi umenewo umatha. Mbali ya mtima yomwe inkayenda limodzi ndi malikisi abwino paliponse inali khama ndi dongosolo, kumaliza chimene wayamba, kulemba homuweki olo palibe okuyang'anira, ndipo izi zinkaoneka ngakhale atachotserapo nkhani ya nzeru zobadwa nazo. Kuthamanga sikufika, akulu ananena kale.

Ndipo khama limeneli ndi mbali yomwe imakula ndi msinkhu komanso imaphunzitsika, osati ndi chikwapu koma ndi chizolowezi. Nthawi yodziwika yowerengera tsiku lililonse, malo amodzi, ntchito yodulidwa tizidutswa. Mwana wosakhazikika uja musamuuze kuti "werenga mpaka 9 koloko", mupatseni masamu asanu, akamaliza adzuke akatunge madzi kapena akatsekere mbuzi, abwere apange ena asanu. Mkalasi ine ana oterewa ndi amene ndimawatuma kugawa makope, kufufuta bolodi, kukatenga choko ku ofesi, thupi likasunthako mutu umabwerera. Nthawi ya fodya mumawaona ana omwewa atakhala mchigafa kusoka fodya maola ambiri osadandaula chifukwa manja ali pantchito ndipo akuona ndawala zikuchuluka, ndiye vuto si loti sangathe kulimbikira, amafuna aziona kuti ntchito ikuyenda.

Apa ndiyenera kuchenjeza pa chinthu china chomwe chafala kwambiri, ngakhale mmawekishopu a aphunzitsi. Mumva anthu akuti mwana uyu amaphunzira ndi maso, uyu ndi makutu, uyu ndi manja, ndiye aliyense aziphunzitsidwa mwa njira yakeyo. Zimamveka zokoma ndipo nanenso ndinazikhulupirirapo. Koma mu 2008 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Harold Pashler linafufuza ngati pali umboni woti kuphunzitsa mwana motsata "sitayilo" yakeyo kumakweza malikisi, ndipo silinaupeze. Anthu amakonda njira zosiyana, zimenezo nzoona, koma kukonda njira sikutanthauza kuti ndi imene ikukuphunzitsa. Mapu a Malawi aliyense ayenera kuwaona ndi maso, katchulidwe ka mawu a Chingerezi aliyense ayenera kukamva ndi makutu, kumezanitsa mitengo pa agirikacha aliyense ayenera kugwira mpeni. Phunziro ndi limene limasankha njira, osati chikwangwani cha mwana. Choopsa chake nchoti mwana akauzidwa kuti "iwe ndi wa manja" amapeza chifukwa chothawira buku.

Ndiye chibadwa chikulowa pati? Mmene ine ndikuonera, mutu wa munthu aliyense umasunga zinthu mwa njira yofanana, chosiyana ndi malo ndi mpweya umene mwana aliyense amafuna kuti njirayo igwire. Njira zake zikudziwika. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kale mu 1885 kuti chimene waphunzira lero chambiri chimathawa mmaola ndi masiku oyambirira, ndipo kubwereza motalikitsa masiku kumasunga zinthu kuposa kupanikiza zonse usiku umodzi. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge, ena nkumangoibwereza kuwerenga, ena nkutseka pepala kuyesa kukumbukira. Patangopita mphindi zisanu obwereza kuwerenga aja anachita bwino, koma patatha sabata amene ankadziyesa aja anawaposa. Ndiye kuwerenga notsi kasanu ndi tochi mpaka pakati pausiku kumakupatsa mtima woti ukudziwa, pamene kutseka kope nkudzifunsa, ngakhale kumawawa, ndi kumene kumagwira.

Mankhwala ndi amodzi koma kamwedwe nkosiyana. Mtsikana waphee uja atseke kope ali yekha kuseri kwa nkhokwe kapena mmamawa anthu asanadzuke, alembe papepala zonse akukumbukira kenako afananize. Mchimwene wake apeze mnzake mmodzi kapena awiri azifunsana mapasiti pepa mokweza, azitsutsana, koma lamulo likhale loti aliyense ayambe walemba yankho lake yekha asanatsegule pakamwa, apo ayi disikashoni imasanduka macheza a mpira ndipo amene akudziwa ndi mmodzi enawo akungogwedeza mitu. Mwana wankhawa, uja amadziwa zonse kunyumba koma akalowa mmayeso mutu umayera, amafuna kuzolowera mayesowo pang'onopang'ono, timayeso tating'ono tosawerengera malikisi, kudziyeza ndi wotchi, mpaka mtima usiye kugunda ukaona pepala. Kumuopseza kuti "ukalephera ndikukwatitsa" kapena "upita kuesiteti" kumangowonjezera moto pomwe payaka kale. Pamene mnzake wosatekeseka uja, amene mayeso ali mawa iye ali kubwalo, ameneyo kukakamizidwa pang'ono ndi tsiku lomalizira lodziwika kumamuthandiza. Mawu amodzi omwewo kwa ana awiri, wina amudzutsa wina amufoola.

Za magulu ndinenepo pang'ono chifukwa masiku ano timalimbikitsidwa kwambiri kuti ana aziphunzira mmagulu. Cholinga nchabwino koma gulu la ana 12 atazungulira buku limodzi, oyankhula amakhala awiri, wolemba mmodzi, ena onse alendo. Chimene chandithandiza ine ndi kuyamba ndi mphindi imodzi aliyense aganize kapena alembe yekha, kenako auzane awiriawiri ndi amene wakhala naye pafupi, pomaliza ndiye ndiloze. Waphee amakhala wayesera kale yankho lake pa munthu mmodzi ndiye kulinena pagulu sikuopsanso kwambiri, wolongolola naye wakakamizidwa kuganiza asanayankhule. Sizifuna ndalama olo 1 kwacha, ndipo zimatheka ngakhale pansi pa mtengo.

Kuno kwathu tili ndi chitsanzo choti kalasi si khomo lokhalo lolowera nzeru. William Kamkwamba wa ku Wimbe anasiya sekondale nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa chosowa fizi, nkumakabwereka mabuku ku kalaibulale kakang'ono, kutsata zithunzi pomwe Chingerezi chinkamuvuta, mpaka anamanga makina amphepo opanga magetsi ndi zitsulo zotola ali ndi zaka 14. Anthu ena ankamuona ngati wazungulira mutu. Ndikamaganiza za iye ndimadzifunsa kuti ndi ana angati mmakalasi mwathumu amene akanachita zazikulu atangopatsidwa buku, nthawi ndi mtendere.

Koma tisamangoti chilichonse ndi chibadwa, apa ndiye pofunika kusamala kwambiri makolo anzanga. Mwana amene wabwera kusukulu osadya kanthu mwezi wa January kapena February amakhala phee, si chibadwa chimenecho, ndi njala, ndipo mumaona kusintha kwake akangomwa phala. Wina sayankha chifukwa samva bwino khutu limodzi, linatuluka mafinya kalekale osapita kuchipatala. Wina amasokoneza anzake kumbuyo chifukwa pabolodi saona kanthu. Wina malungo amubwerezabwereza magazi achepa. Chizindikiro chachikulu nchoti chibadwa chimakhala chomwecho kuyambira ali wamng'ono, ndiye mwana amene anali wansangala akangosintha mwadzidzidzi nkukhala waphee, kapena wofatsa akayamba ndewu, pamenepo pali chimene chachitika, mwina kunyumba, mwina panjira yopita kusukulu, mwina wina akumuchita zoipa. Ameneyo afunika kukhala naye pansi mofatsa, osati kungoti ndi mmene alili.

Komanso kumudziwa mwana sikutanthauza kumusiya momwemo. Waphee uja tsiku lina adzafunika kuyankhula pa intavyu, kufunsa dokotala, kudziteteza pabwalo la amfumu. Ndiye timamukankha ndithu koma ndi masitepe oti angakwere. Ndi mtsikana wa nambala 4 uja teremu yachitatu tinapangana kuti ndizimuuziratu dzulo lake ndime yomwe adzawerenge mawa, akayesere kunyumba. Mayi ake anavomera kuti azimumvetsera madzulo akamaphika, ndipo anati auza abale asiye kumutchula wozizira. Sabata yoyamba anawerengera ine ndekha pa buleki. Yachiwiri anawerengera gulu la atsikana anzake asanu. Sabata yachinayi anaimirira kutsogolo, pepala likunjenjemera mmanja, nkuwerenga ndime yonse mawu ali pansipansi moti a kumbuyo anachita kutchera khutu, ndipo kalasi ya ana 96 inakhala chete mpaka anamaliza. Mchimwene wake ndinamupeza ndi anzake awiri pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kalasi ya Sitandade 8, aliyense wagwada pa kope lake akulemba kaye, mkangano wa mayankho unayamba nditadutsa kale.